Maulendo a tsiku limodzi kuchokera ku Durban: akachisi a Ahindu ndi malo okongola oyandikana nawo

Amalawi ambiri okhala ku Durban amagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ena m'masitolo, ena m'nyumba za anthu, ena m'mafakitale osoka zovala ndi m'magalaja, ndipo tsiku limodzi lotsalalo limathera pa kuchapa, kutumiza ndalama kumudzi ndi kugona. Munthu amatha kukhala zaka zambiri ku Overport, ku Sydenham kapena ku Isipingo osadziwa kuti malo amene alendo ochokera kutali amalipira ndalama zambiri kuti adzawaone ali pamtunda woti teksi imodzi kapena ziwiri zikhoza kumufikitsa. Dera lozungulira mzindawu lili ndi zinthu ziwiri zimene sizipezeka pamodzi kawirikawiri, zomwe ndi akachisi akale a Ahindu amene anthu amapitako paulendo wachipembedzo, ndiponso zigwa, mathithi ndi magombe a nyanja okongola kwambiri. Njira yabwino yogwiritsira ntchito tsiku la ofu ndiyo kusankha msewu umodzi, wakumpoto, wakumwera kapena wakumadzulo, n'kuyamba ndi kachisi m'mawa pamene mapemphero ali mkati ndipo dzuwa lisanakwere, kenaka masana n'kupitirira kumalo achilengedwe amene ali pamsewu womwewo. Amene amafuna kuona zonse tsiku limodzi amabwerera atangoona mkati mwa mateksi.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene akachisiwa aliri pamalo amene alipo, ayenera kudziwa mmene eni ake adafikira kuno. Pa 16 November 1860 sitima yapamadzi yotchedwa Truro idakocheza ku Durban kuchokera ku Madras itanyamula anthu 342 amene adalembedwa ntchito ya m'minda ya nzimbe pamgwirizano wa zaka zisanu, ndipo pofika 1911, pamene ndondomekoyi idathetsedwa, anthu oposa 150,000 adali atabwera mwanjira imeneyi. Ambiri adali olankhula Tamil ndi Telugu ochokera kumwera kwa India, ndipo ena adali olankhula Hindi ochokera kumpoto. Apa pali kusiyana kumene Mmalawi ayenera kukuzindikira msanga. Amwenye amene tidawazolowera ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe ambiri ndi zidzukulu za amalonda ochokera ku Gujarat, pamene ambiri a ku Durban ndi zidzukulu za anthu odula nzimbe amene ankagona m'makomboni a maesiteti. N'chifukwa chake akachisi akale kwambiri sali pakati pa tauni pokha ayi, koma ali pafupi ndi pamene padali zigayo za shuga, m'mbali mwa mitsinje ndi m'mphepete mwa njanji, ndipo ambiri adayamba ngati tinyumba ta malata tomangidwa ndi ndalama zosonkherana za anthu olandira malipiro ochepa zedi.

Mmene mlendo amalowera m'kachisi

Akachisi ambiri a Ahindu ku KwaZulu-Natal, chigawo chimene muli Durban, salipiritsa pakhomo ndipo safunsa chipembedzo cha munthu, koma pali mwambo umene mlendo aliyense ayenera kuutsata. Nsapato zimavulidwa panja, pamalo amene mudzaona ena atasiya zawo, ndipo pamene pali mpope anthu amasamba m'manja ndi kumapazi asanalowe. Zovala zikhale zobisa mapewa ndi mawondo, kwa abambo ndi amayi omwe, moti chitenje chimene mayi wachimalawi sachisiya m'chikwama chimathetsa vutoli nthawi yomweyo. Nyama, nsomba, mowa ndi fodya siziloledwa mkati mwa mpanda, kotero kuti ngati mwanyamula kamba wa nkhuku wokadya masana ndi bwino kumusiya m'galimoto. Mabanja ambiri achihindu amatsatanso mwambo woti mayi amene ali kumwezi, kapena munthu amene kwawo kwangochitika maliro, amayamba wadikira asanalowe m'kachisi, ndipo ngakhale kuti palibe amene adzakufunseni, ulemu ndi kuutsata mwambowo muli kwa eni.

Mukalowa m'bwalo la kachisi wa anthu a kumwera kwa India mudzaona mlongoti wautali wa mbendera utaima moyang'anizana ndi khomo, ndipo opembedza amazungulira nyumbayo katatu, dzanja lawo lamanja lili kumbali ya kachisi. Mkati muli chipinda chaching'ono chimene muli fano lalikulu lovekedwa nsalu ndi nkhata za maluwa, ndipo m'chipindamo amalowamo ndi wansembe yekha. Anthu amabwera ndi thireyi ya nthochi, kokonati, mkaka ndi lubani, wansembe amaswa kokonatiyo n'kuimba belu, kenaka amatuluka ndi mbale yachitsulo pamene pakuyaka moto wa kamfa. Aliyense amayendetsa zikhatho pamwamba pa lawilo n'kudzikhudza kumaso, ena amaponya ndalama yachitsulo m'mbalemo, ndipo wansembe amawapaka phulusa loyera pamphumi. Pamapeto pake pamagawidwa zipatso kapena chakudya chotsekemera chimene chaperekedwa kaye kwa mulungu wa pamalopo.

Pano m'pamene Akhristu ndi Asilamu ambiri a kwathu amachita mantha, ndipo ena amakana ulendo wonse chifukwa cha mphindi imeneyi. Maganizo anga ndi akuti manthawo ndi opitirira muyeso, popeza palibe amene amakakamizidwa kulandira phulusa kapena chakudyacho. Mlendo amene chikumbumtima chake sichimulola angoima chakumbuyo pamene mbale ikudutsa, kapena aike dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono, ndipo wansembe amapitirira osakhumudwa. Chimene chimakhumudwitsa eni ake ndi kuseka, kuloza mafano ndi chala, kukhala pansi mapazi atalunjika kuguwa, kapena kuyamba kulalikira pabwalo la eni. Za zithunzi, funsani kaye wosamalira pamalopo, chifukwa akachisi ena amalola kujambula panja pokha, ndipo munthu amene wagwidwa ndi mzimu pamwambo sayenera kujambulidwa ngati chionetsero choti chikaikidwe pa Facebook. Akuluakulu amene mudzawapeze kumeneko amakondwa kutchulidwa Uncle kapena Aunty monga mwa chizolowezi cha ku Durban, ndipo moni wa Vanakkam kwa a Tamil kapena Namaste kwa a Hindi umatsegula macheza mosavuta.

Msewu wakumpoto

Ngati mungakwanitse ulendo umodzi wokha, pitani ku Mount Edgecombe, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa mzinda, pamene padali chimodzi mwa zigayo zikuluzikulu za shuga m'dera lino. Lero malowa azunguliridwa ndi nyumba za anthu olemera ndi mabwalo a gofu, koma pakati pa zonsezo padakali Shri Mariammen Temple, kachisi amene adayamba cha m'ma 1890 pakati pa antchito a m'minda ya nzimbe. Mariamman ndi mulungu wamkazi wa m'midzi ya kumwera kwa India amene anthu amamupempha mvula ndi machiritso, makamaka a nthenda zotuluka pakhungu monga nthomba ndi chikuku. Chimene chimadabwitsa alendo pakachisiyu ndi chakuti malo opatulika kwambiri si fano losema koma chulu, chimene adachimangira nyumba n'kuchiveka nsalu, ndipo opembedza amasiyapo mkaka ndi mazira pokhulupirira kuti m'chulumo mumakhala njoka yopatulika ya mayiyo. Munthu wa ku Nsanje amene adakula akumva za kachisi wa Mbona ku Khulubvi, kumene nkhani za mvula ndi njoka zimayendera limodzi, sadzaona zimenezi kukhala zachilendo kwenikweni.

Tsiku lalikulu pakachisiyu ndi Lachisanu Loyera. Chifukwa chake si cha chiphunzitso cha Chihindu koma cha ntchito, pakuti m'nthawi ya makontirakiti antchito ankapuma pa tchuthi cha azungu eni minda, ndipo adaika mwambo wawo pamasiku amene adali omasuka. Mpaka lero pa Pasaka anthu zikwizikwi amakhamukira ku Mount Edgecombe kuchokera m'zigawo zonse za South Africa, misewu imadzaza, pabwalo pamakhala misika ya zakudya, zovala ndi zoseweretsa ana, ndipo mizere yopita kuchulu imayamba kusanache. Amene akufuna kuona khamu ndi mwambo wonse apite tsiku limenelo m'mamawa kwambiri, atasunga foni ndi chikwama m'thumba lakutsogolo. Amene akufuna kuona kachisi yekhayo modekha ndi kufunsa mafunso asankhe Lamulungu wamba. Pafupi pomwepo pali Shree Emperumal Temple, amene chiyambi chake ndi cha mu 1875, ndi kachisi wamng'ono wa Ganesha, mulungu wa mutu wa njovu, amene adamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi Kistappa Reddy, mmisiri wa njerwa amene naye adabwera pakontirakiti ndipo pambuyo pake adamanga akachisi ena angapo m'dera la Durban.

Kuchoka ku Mount Edgecombe pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yokhotera kumtunda ku Inanda, kumene kuli Phoenix Settlement, mudzi umene Mahatma Gandhi adakhazikitsa mu 1904 ndipo ankasindikizirako nyuzipepala ya Indian Opinion. Malowa si kachisi, koma Amwenye ambiri ochokera ku India amawayendera mwaulemu wonga wa paulendo wachipembedzo. Nyumba ya Gandhi idatenthedwa pazipolowe za mu 1985 ndipo idamangidwanso n'kutsegulidwa mu 2000. Patsogolo pang'ono pali Ohlange, sukulu imene adayambitsa John Langalibalele Dube, pulezidenti woyamba wa chipani chimene chidadzakhala ANC, ndipo m'pamene Nelson Mandela adaponya voti yake pa 27 April 1994. Kumtunda kwake kuli mathithi a Mzinyathi ndi malo oonera Inanda Dam ili m'munsi pakati pa mapiri. Kuderali ndi bwino kupita muli gulu, makamaka ndi munthu wodziwa njira komanso wolankhula Chizulu, ndipo mubwereko dzuwa likadalipo.

Njira yachiwiri ndi yopitirira kumpoto pamsewu wa R102 kudutsa Verulam mpaka ku Tongaat, kumene tsopano kumalembedwa oThongathi, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Durban. Kumeneko kuli Juggernath Puri Temple, nsanja yoyera yopitirira mamita 20 kutalika yomangidwa motengera kachisi wotchuka wa ku Puri m'dziko la India, ndipo kamangidwe kake n'kosiyana kotheratu ndi ka akachisi a Tamil odzaza ziboliboli zamitundumitundu. M'tauni yomweyo muli kachisi wa ku Brake Village, wotchuka ndi Kavady, mwambo wokwaniritsa zowinda umene umasonkhanitsa anthu ochuluka. Pobwerera, m'malo mwa msewu waukulu wa N2 umene uli ndi geti lolipiritsa, tsikirani kunyanja n'kutsata msewu wa M4 kudzera ku La Mercy ndi Umdloti mpaka ku Umhlanga. Ku Umdloti kuli dziwe lotchingidwa ndi miyala limene ana angasambemo mafunde osawakokolola, pamene ku Umhlanga kuli nsanja yofiira ndi yoyera younikira sitima, yomangidwa mu 1954, ndi kanjira ka m'mphepete mwa nyanja kothera m'nkhalango ya Umhlanga Lagoon. Kuyenda m'kanjirako n'kwaulere. Wodziwa kusambira pa Nyanja ya Malawi asadzinamize kuti adziwanso nyanja ya mchere, chifukwa kuno madzi amakoka munthu chapansipansi kupita naye pakati. Sambani pokhapo pali mbendera zofiira ndi zachikasu pamene opulumutsa anthu akuyang'anira, ndipo muyambe mwamva ngati gombelo ndi lotsegula, popeza chichitikireni madzi osefukira a mu April 2022 khonsolo imatseka magombe ena nthawi ndi nthawi madzi akaipa ndi zonyansa za m'mipope.

Kumwera: Cato Manor, Chatsworth ndi Isipingo

Ulendo wakumwera ndi umene uli wotsika mtengo kwa onse chifukwa malo ake onse amafikika pa teksi. Munthu angathe kuyambira m'tauni momwe pa Umgeni Road Temple, mmodzi mwa akachisi akale kwambiri mumzindawu, wa m'zaka za m'ma 1880, kenaka n'kupita ku Cato Manor pamsewu wa Bellair Road, pamene pali Shree Ambalavanar Alayam. Kachisi ameneyu adalowa m'malo mwa wina wakale wa m'mbali mwa mtsinje wa Umbilo amene adawonongeka ndi madzi, ndipo amadziwika ndi mwambo woyenda pamoto umene umachitika chaka ndi chaka chakufupi ndi Pasaka polemekeza mulungu wamkazi Draupadi.

Mwambowu ndi woyenera kuufotokoza pang'ono kuti woonerera asadzidzimuke. Amene adalumbira kuti adzayenda pamoto amakhala masiku angapo akusala nyama, mowa ndi za m'banja. Tsikulo likafika, mulu waukulu wa nkhuni umayatsidwa m'mawa ndipo pofika madzulo makala ake amasalazidwa m'dzenje lalitali mamita angapo. Oyendawo amasonkhana kumtsinje kapena pabwalo lina chapatali, atavala zachikasu, atadzola ufa wachikasu wa turmeric, ena atasenza miphika yamkuwa yokutidwa ndi maluwa ndi masamba a mtengo wa indiya, ndipo amabwera pamdipiti ng'oma zikulira. Mmodzimmodzi amadutsa pamakalapo opanda nsapato, ena mothamanga, ena mwapang'onopang'ono atanyamula mwana, n'kukaponda m'kadzenje ka mkaka kumapeto kwake. Kutentha kumamveka ngakhale kwa amene aima kuseri kwa chingwe, ndipo utsi wa kamfa umalowa m'maso, choncho ana aang'ono ndi odwala mphumu asaime kutsogolo. Kavady nayo ili ndi zoopsa zake m'maso mwa mlendo. Imachitika makamaka mu January kapena February polemekeza mulungu wotchedwa Muruga, patatha masiku khumi chikwezereni mbendera pakachisi, ndipo opembedza amasenza pamapewa chimtengo chopindika chokongoletsedwa ndi maluwa ndi nthenga za pikoko, chomangiriridwa timiphika ta mkaka. Ena amabooledwa lilime ndi masaya ndi singano zazitali, kapena kukolekedwa timandimu pakhungu ndi tingowe. Onsewa akukwaniritsa chowinda, kawirikawiri chifukwa cha matenda amene adachira kapena vuto limene lidatha m'banja, ndipo woonerera ayenera kuwapatsa njira.

Chatsworth ili makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni potsata Higginson Highway. Ndi dera limene boma la tsankho lidasamutsirako Amwenye m'zaka za m'ma 1960 litawachotsa ku Cato Manor, Clairwood ndi madera ena pansi pa lamulo la Group Areas Act. Kuno kuli kachisi amene ndi wosavuta kwambiri kwa mlendo woyamba, Sri Sri Radha Radhanath, amene ambiri amangomutchula kuti Hare Krishna Temple kapena Temple of Understanding. Adatsegulidwa mu 1985, ali ndi nsanja zoyera zokhala ndi golide pamwamba, wazunguliridwa ndi ngalande ya madzi ndi kapinga, ndipo mkati mwake muli holo ya miyala yosalala ya mabo yokhala ndi zithunzi za moyo wa mulungu Krishna kudenga. Anthu a pamalopa adazolowera alendo a mitundu yonse ndipo amayankha mafunso mosatopa, Lamulungu amakhala ndi mapemphero a nyimbo otsatiridwa ndi chakudya, komanso pansi pa kachisiyo pali lesitilanti ya Govinda's yogulitsa zakudya zopanda nyama pamtengo woti wolandira malipiro a pasabata angakwanitse. Gulu la Hare Krishna loyendetsa kachisiyu ndi limene limakonza chikondwerero cha magaleta amene amakokedwa m'mphepete mwa nyanja ku Durban pa Pasaka. M'dera lomwelo la Chatsworth, pa Shri Vishnu Temple, pali chiboliboli cha Hanuman, mulungu wa nkhope ya nyani, chotalika mamita 13 chimene chidaimikidwa mu 2011 ndipo chimaonekera patali. Asilamu a kwathu ena amaidziwa kale Chatsworth kudzera ku Bayview, kumene kumakhala anthu otchedwa Zanzibari, zidzukulu za Amakua omasulidwa ku ukapolo amene adafika ku Durban m'zaka za m'ma 1870, ndipo Ayao ena ochokera ku Nyasaland adadzakhala nawo n'kukwatirana nawo.

Ku Isipingo Rail, kumwera kwa pamene padali bwalo la ndege lakale, kuli kachisi wina wa Mariamman amene kwa zaka zoposa zana wakhala malo a ulendo wachipembedzo wa pa Pasaka mofanana ndi wa ku Mount Edgecombe. Nayenso ali ndi chulu chopatulika, ndipo ndi mmodzi mwa malo amene mwambo wakale wopereka nkhuku ngati nsembe umadziwika, ngakhale kuti Ahindu ambiri masiku ano amapereka zipatso ndi mkaka basi. Isipingo payokha si malo okongola, ndi tauni ya mateksi, mafakitale ndi phokoso, choncho mukatha za kukachisi pitirirani makilomita ochepa kukapuma kugombe la Amanzimtoti. M'miyezi ya July ndi August mabanja ndi akachisi a Mariamman amachita pemphero la phala, pamene amaphika phala losasa n'kugawira aliyense wodutsa, ndipo amene mumagwira ntchito m'nyumba za Atamil mwina mudalawako kale.

Kumadzulo: zigwa, Pietermaritzburg ndi Howick

Msewu wakumadzulo ndi umene uli ndi malo okongola koposa, ndipo umafuna galimoto. Njira yabwino ndiyo kusonkherana anthu anayi kapena asanu ndalama ya mafuta ndi ya pageti la Mariannhill pa N3, n'kupempha m'bale amene ali ndi galimoto ndi laisensi yovomerezeka. Poyamba imani ku Kloof, kupitirira Pinetown, pa Krantzkloof Nature Reserve, pamene mtsinje wa Molweni udakumba chigwa chakuya cha maphompho ofiira ndi nkhalango yowirira pansi pake. Malowa amayang'aniridwa ndi Ezemvelo KZN Wildlife, bungwe la boma losamalira zachilengedwe m'chigawochi, pakhomo pamalipiridwa, ndipo pali tinjira tatifupi tokafika kumathithi ndi tina tatitali tofuna nsapato zolimba ndi madzi akumwa okwanira. Apusi a kumeneko amadziwa kutsegula zikwama.

Kuchokera ku Hillcrest siyani msewu waukulu mutsate R103, msewu wakale wodutsa Botha's Hill, Drummond ndi Inchanga, womwenso othamanga a Comrades Marathon amadutsamo. Kudzanja lamanja popita kumaoneka Valley of a Thousand Hills, zitunda zosawerengeka zotsetserekera kumtsinje wa uMngeni, midzi ya Azulu ili mbuu m'mbali mwake. Pali malo angapo oimika galimoto n'kuona chigwacho osalipira kanthu, ndipo m'mawa wa nyengo yozizira, nkhungu ikamachoka m'zigwa, ndi pamene dzikolo limaoneka bwino.

Pietermaritzburg ili makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku Durban. Chakumunsi kwa Langalibalele Street, imene kale inkatchedwa Longmarket, kuli Sri Siva Soobramoniar and Marriamen Temples, kumene mwambo woyenda pamoto umachitika pa Lachisanu Loyera ndipo umakoka anthu ochokera m'chigawo chonse. Pa siteshoni ya sitima ya mumzindawu m'pamene Gandhi adatsitsidwa m'sitima mokakamiza usiku wa pa 7 June 1893 chifukwa chokhala m'chipinda cha azungu ngakhale adali ndi tikiti yake, ndipo chipinda chodikiriramo chimene adagonamo usikuwo chimasungidwa ngati chikumbutso. Chiboliboli chake chili pa Church Street, pafupi ndi holo ya mzinda ya njerwa zofiira. Pakati pa tauniyi pamafunika kusamala ndi katundu monga momwe mumachitira ku Warwick, dera la misika ndi marenki a mateksi ku Durban, ndipo Lamulungu masana misewu ina imakhala yopanda anthu, choncho musatalikirane.

Makilomita ena oposa 20 kutsogolo kuli Howick, kumene mtsinje wa uMngeni umagwa mamita 95 kulowa m'dziwe lakuda. Azulu amawatcha mathithiwa KwaNogqaza ndipo amati m'dziwemo mumakhala chinjoka chotchedwa Inkanyamba, moti asing'anga amapitako kukachita miyambo yawo. Malo oonerapo ali m'tauni momwemo ndipo ali ndi chitsulo chotchinga, chimene simuyenera kuchidumpha pofuna chithunzi, pakuti anthu ambiri adafera pamathithi amenewa. Kunja kwa Howick pa R103 pali pamene apolisi adagwirira Mandela pa 5 August 1962. Pamalopo adaimikapo mizati 50 yachitsulo mu 2012, imene ukaiyang'ana chapafupi imangooneka ngati zitsulo zosongoka, koma ukaima pamalo oyenera m'kanjira kopitako imalumikizana n'kupanga nkhope yake. Ku Howick kumazizira kwambiri kuposa ku Durban, makamaka kuyambira May mpaka August, ndipo amene anyamuka kunyanja atavala malaya okha amakanjenjemera.

Zoyendera, mapepala ndi nyengo

Mateksi opita ku Chatsworth, Phoenix, Verulam, Tongaat, Isipingo ndi Pinetown amanyamukira m'marenki ozungulira Warwick ndi msika, ndipo njira yachidule yopezera yoyenera ndiyo kufunsa woyang'anira renki osati munthu wongodutsa. Lamulungu ndi pa tchuthi mateksi amachedwa kudzaza ndipo amatha msanga madzulo, choncho konzani zoti pofika 4 koloko mukhale mwayamba ulendo wobwerera, ndipo musunge padera ndalama yokwanira Uber kapena Bolt ngati mungasowe teksi. Sitima za Metrorail zidasokonekera kwambiri m'zaka zapitazi moti si zoti munthu angapangire pulogalamu ya tsiku asanafunse ngati zikuyenda. Mitengo ya pakhomo m'malo osungirako zachilengedwe imasintha chaka ndi chaka ndipo malo ena salandira ndalama ya m'manja, choncho imbani foni kapena onani pa intaneti tsiku loti mawa ulendo.

Za mapepala n'zosafuna kubisa mawu. Pa N2 ndi N3 pamakhala zipingo za apolisi kawirikawiri, makamaka pa Pasaka ndi mu December, nthawi yomwenso miyambo yambiri imachitika, ndipo mlendo amayembekezeka kuonetsa pasipoti ndi chilolezo chake chokhalira m'dziko. Nyamulani zimenezi m'thumba la pulasitiki losalowa madzi, musiye makope ake kunyumba ndi ena mufoni. Amene masiku ake adatha ayenera kudziwa kuti ulendo wa pamsewu waukulu uli ndi chiopsezo chimenecho. Nambala ya apolisi ndi 10111, ndipo 112 imagwira pafoni iliyonse ya m'manja. Kukamveka mphekesera za zipolowe zolimbana ndi alendo, monga zidachitikira mu 2015 ndi 2019, ulendo wa kumalokeshoni uyambe waima.

Nyengo yabwino ya maulendo a kumapiri ndi kuyambira May mpaka August, pamene kumwamba kumakhala koyera ndipo chinyezi chimachepa, ngakhale kuti mathithi amakhala ndi madzi ochepa. Kuyambira November mpaka March kumatentha, mvula ya mabingu imagwa masana, ndipo simenti ya pabwalo la kachisi imawotcha mapazi opanda nsapato ikangokwana 11 koloko, chimene ndi chifukwa china chopitira m'mawa. Akachisi ambiri aang'ono amatsekanso masana n'kutsegula madzulo. Masiku a Kavady, chikondwerero cha nyali cha Diwali ndi miyambo ina amatsata kalendala ya mwezi ndipo amasuntha chaka chilichonse, choncho munthu woyenera kumufunsa ndi mnzanu wachihindu wa kuntchito, amene kawirikawiri amakhala ndi kalendala ya kachisi wake pakhoma.

Kwa amene adayenda kale misewu itatuyi ndipo akufuna ulendo wautali, kwatsala Oribi Gorge, chigwa chachikulu cha mtsinje wa Umzimkulwana chimene chili makilomita pafupifupi 20 kumtunda kwa Port Shepstone, tauni imene ili makilomita 120 kumwera kwa Durban. Kupita ndi kubwera kumadya maola anayi pamsewu, kotero kuti gulu liyenera kunyamuka 6 koloko m'mawa, kudzaza mafuta ku Port Shepstone, ndi kutuluka m'chigwamo isanakwane 3 koloko kuti msewu wokhotakhota wa m'phomphomo audutse kukuwala.